Chombo, Bulu ndi Galu Wamphere

Owerenga athu ambiri sadziwa Chipwitikizi, komabe achilankhula tsiku ndi tsiku osazindikira. Munthu akavala nsapato ndi chipewa, akalandira kalata, akakumba mbatata, kapena akadandaula za kapitawo wankhanza, watchula mawu amene tinawalandira kwa Apwitikizi. Alipo mawu enanso owawa, ndiwo mbalamatodya, kathabwa kaja ka zibowo kamene anali kumenya nako anthu m'manja. Nawonso anachokera komweko. Mtundu umene unasiya mawu ake m'kamwa mwathu motere sitingauyese wa kutali, makamaka pokumbukira kuti abale athu a ku Tete, ku Angonia ndi ku Milange anakhala pansi pa ulamuliro wake kufikira chaka cha 1975.

Chifukwa chake mwezi uno tifuna kuyesa pa muyeso mabuku atatu olembedwa m'Chipwitikizi. Loyamba liimba za ulendo wa panyanja ndi mbiri ya mtunduwo, lachiwiri linena za ulendo wa pamtunda wopyola m'dziko la makolo athu, lachitatu lisimba za galu. Funso lathu ndi ili: munthu wofuna kudziwa m'mene anthu anakhalira pansi pa dzanja la Apwitikizi, akhulupirire liti mwa atatuwa, ndipo alikhulupirire kufikira pati?

Nyimbo ya chombo

Tiyambe ndi buku limene Apwitikizi alilemekeza koposa onse, ndilo Os Lusíadas, lolembedwa ndi Luís de Camões ndi kusindikizidwa ku Lisbon m'chaka cha 1572. Ndi ndakatulo imodzi yaitali, ya zigawo 10 ndi ndime 1,102, ndime iliyonse ya mizere 8. Msana wa nkhani yake ndi ulendo wa Vasco da Gama, amene ananyamuka ku Lisbon ndi zombo 4 m'mwezi wa Julayi 1497, nazungulira nsonga ya kumwera ya Afrika, napuma pa mtsinje wa ku Quelimane, nafika pa chisumbu cha Mozambique m'mwezi wa Malichi 1498, napitirira ku Mombasa ndi ku Malindi, naoloka nyanja kufikira ku Calicut, m'dziko la India, m'mwezi wa Meyi. Zombo zili ku Malindi, mlembi amuika Da Gama pamaso pa mfumu ya kumeneko kuti aifotokozere mbiri yonse ya Portugal, mafumu ake ndi nkhondo zake; motero buku la ulendo lisanduka buku la mbiri ya mtundu.

Luso la Camões sitilikana. Iye sanalembe za nyanja ali khale pa mpando. Anali msilikali, anataya diso limodzi pa nkhondo ku Ceuta, nakhala zaka zambiri ku India. Pofotokoza kamvuluvulu woyamwa madzi a m'nyanja, kapena nthenda ija yotupitsa nkhama imene inapha amalinyero pa mtsinje wa ku Quelimane, alemba monga munthu wodziwa moyo wa m'chombo. Ndipo pali malo amodzi pamene chikumbumtima chake chilankhula momveka. Kumapeto kwa chigawo cha 4, zombo zili pafupi kunyamuka, akazi ali kulira amuna awo ndi ana awo pa doko, iye aimika nkhalamba ina ya ku Restelo imene idzudzula ulendo wonsewo. Nkhalambayo iona kuti gwero lake ndi kukhumba kutchuka ndi kulamulira, ndi kuti mapeto ake ndi imfa, mabanja opasuka ndi dziko lotha anthu. Mlembi saiyankha, zombo zingochoka iyo ili chilankhulire. Ife tiyesa kuti ndime zimenezo ndizo zolemera koposa m'buku lonse.

Koma tikafunamo anthu a ku Afrika, tipeza mithunzi yokha. Camões anakhala pa chisumbu cha Mozambique zaka ziwiri, 1567 kufikira 1569, wosauka kotero kuti anzake anachita kusonkha kuti adye ndi kuti apeze ulendo wobwerera kwawo. Nthawi yophunzira makhalidwe a eni dziko anali nayo. Komatu m'ndakatulo yake muyeso wa munthu wa pa gombe ndi umodzi wokha: wolandira zombo ndiye wabwino, wozikaniza ndiye wonyenga. Mfumu ya ku Malindi itamandidwa chifukwa ichereza ndi kumvetsera. Akulu a pa chisumbu cha Mozambique ndi a ku Mombasa ayesedwa achiwembu, ndipo mizinga ikagwera nyumba za pa chisumbucho, ndakatulo ikondwera. Palibe pamene mlembi afunsa ngati mwini gombe sayenera kukayika mlendo wofika ndi mizinga.

Chinanso chimene Mkhristu sangachilambalale ndi ichi: buku limene liti ulendowo unali wofalitsa chikhulupiriro cha Khristu lidzala ndi milungu ya Aroma, Venus kuthandiza zombo, Bacchus kuzitsekereza, ndipo mtanda ndi lupanga ziyenda m'dzanja limodzi popanda manyazi. Iyi ndi nyimbo ya mlenje potama mkondo wake. Ikoma m'makutu, koma nyama siifunsidwa.

Ulendo wa kwa Kazembe

Buku lachiwiri litiyandikira ife eni, pakuti mapazi a mlembi wake anaponda m'midzi ya makolo athu. Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo m'kupita kwa nthawi analakalaka kutsegula njira ya pamtunda yolumikiza Mozambique ndi Angola. Pakati pa maiko awiriwo panali ufumu wa Mwata Kazembe, m'chigwa cha Luapula pafupi ndi nyanja ya Mweru, wotchuka ndi minyanga, mkuwa ndi akapolo. M'chaka cha 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kunka kumeneko, koma anamwalira ndi malungo m'mwezi wa Okutobala, ali pafupi ndi mzinda wa mfumuyo. Patapita zaka 33 anatumidwa ena: Monteiro ndiye mtsogoleri, ndi António Gamitto wachiwiri wake, amenenso anali kulemba zochitika tsiku ndi tsiku. Anachoka ku Tete m'mwezi wa Juni 1831 ndi anthu oposa 400, ambiri a iwo akapolo osenza katundu, nafika kwa Kazembe m'mwezi wa Novembala, nabwerera mu 1832 osapindula chimene anatumidwira. Zolemba za Gamitto zinasindikizidwa ku Lisbon mu 1854 ndi dzina lakuti O Muata Cazembe. Ndipo mu 1960 zinatuluka m'Chingerezi, zomasuliridwa ndi Ian Cunnison, amene anakhalapo pakati pa anthu a ku Luapula.

Ubwino wa buku ili ndi kudekha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Gamitto anali nako. Iye sayimba; alemba mitsinje imene aoloka, kutalika kwa njira imene ayenda, ndi nsalu zimene alipira. Pena aimitsa nkhani ya ulendo nafotokoza mwatsatanetsatane makhalidwe a mitundu imene apyolamo: Amaravi, Achewa, Atumbuka, Abisa, Abemba ndi Alunda. Anena za mafumu ndi mphamvu zawo, za milandu ndi maweruzidwe ake, za mwavi, za maliro, za maukwati, za kulima ndi za kusula zitsulo. Atchula maufumu a Undi ndi Mkanda. Asimba za dziko la Abisa m'mene analipeza lopasuka ndi nkhondo ya Abemba ndi njala, midzi ili mabwinja. Adziwanso kudziseka, pakuti anena m'mene analowera mumzinda wa Kazembe atavala za usilikali, atakwera pa bulu, nyama yachilendo kumeneko, khamu la anthu lili kuthamangira kudzaona chodabwitsacho.

Ulendowu unachitika Angoni a Zwangendaba asanaoloke Zambezi mu 1835, ndiponso zaka 28 Livingstone asanaone nyanja yathu mu 1859. Chifukwa chake Mchewa wofuna kudziwa dziko la makolo ake m'mene linaliri nkhondo za Angoni zisanaligwedeze, sadzapeza mboni zambiri zolembedwa zoposa iyi.

Koma mboni iyi tiimve monga timvera mboni ya pabwalo imene ili ndi mbali pa mlandu. Masamba ambiri adzala ndi madandaulo: mfumu yakuti yatseka njira nifuna nsalu, mudzi wakuti wautsa mlandu pa kanthu kakang'ono, osenza katundu akana kuyenda. Owerenga athu a kumudzi adzaona msanga chimene mlembi sanachiyese. Anthu 400 akafika pa mudzi m'chaka cha njala, adya chiyani? Nkhuni atola kuti, ndipo madzi atunga pa chitsime cha yani? Mlendo wanjala akathyola m'munda wa mwini, mlandu umenewo suli waung'ono kwa mayi amene ayembekeza mundawo kudyetsa ana ake kufikira masika. Mfumu yofuna nsalu kwa alendo odutsa inali kuchita chimene boma lililonse lichita pa chipata cha dziko lake. Ku Lisbon komwe wamalonda wa dziko lina sanatsitse katundu popanda msonkho. Chimene Gamitto achiyesa umbombo, kawirikawiri ndi lamulo la dziko limene iye sanafune kuligonjera.

Choposa apo, anthu amene anasenza ulendo wonsewo pa mitu pawo alowa m'buku kawirikawiri monga chiwerengero chabe. Njala ndi nthomba zinawatha ambiri panjira, ena anathawa, ndipo imfa zawo ndi kuthawa kwawo zilembedwa monga zovuta za ulendo, osati monga maliro. Gamitto anyansidwa, ndipo moyenera, ndi nkhanza za Kazembe, amene anali kulanga anthu ake powadula makutu ndi manja; koma sadabwa kuti ulendo wake womwe wayenda pa mitu ya akapolo. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Inde, ndipo tiyamika kuti kalumo ka Gamitto kanatimetera zambiri zimene zikanabisika. Koma kalumo kakuthwa kamatemanso, ndipo wometedwa ndiye amva.

Agalu awiri a njira imodzi

Tisanatsegule buku lachitatu, tinene pang'ono za mabuku a agalu. Kwathu kuno galu ndi mlonda wa pakhomo ndi mnzake wa mlenje. Timpatsa dzina, kawirikawiri dzina lokuluwika lolasa mnansi, koma kutchula munthu galu ndi kumtukwana. Azungu ali nawo mabuku ambiri otama agalu, ndipo limodzi lodziwika kumwera kuno ndi Jock of the Bushveld, la Percy FitzPatrick, lotuluka m'Chingerezi mu 1907. Lisimba za galu wolimba mtima amene anayenda ndi mbuye wake pa ngolo za ng'ombe m'zaka za m'ma 1880, pakati pa migodi ya golidi ya ku Transvaal ndi doko la Apwitikizi la Lourenço Marques, limene lero ndi Maputo. Kumapeto kwake Jock, atagontha makutu, aomberedwa usiku ndi munthu amene anali kumsunga, pomuyesa galu wa kumudzi wakuba nkhuku. Ndipo kutacha apeza kuti wakubayo Jock anali atamupha kale. Owerenga alira Jock. Galu wa kumudzi uja, wopanda dzina, palibe amlira. Ndipo anthu akuda a m'bukumo atchulidwa ndi mawu onyoza, kotero kuti osindikiza ena a pambuyo pake anawachotsa mawuwo.

Patapita zaka 57, mnyamata wosapitirira zaka 22, wa m'dera lomwelo la njira ya ngolo, anatenga galu wonyozeka wotere namuika pakati pa buku. Ndiye Luís Bernardo Honwana, wobadwira ku Lourenço Marques mu 1942, wokulira ku Moamba kumene atate wake anali womasulira mawu ku boma. Buku lake, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, ndiko kunena kuti tinapha galu wamphere, linatuluka mu 1964, chaka chimene nkhondo ya ufulu inayamba m'Mozambique pa 25 Seputembala. Chaka chomwecho apolisi achinsinsi a PIDE anamgwira, nakhala m'ndende zaka 3. Ndi kabuku kakang'ono ka nkhani 7. Dorothy Guedes anakamasulira m'Chingerezi, nikatuluka mu 1969.

Nkhani yoyamba, imene ipatsa buku dzina, aisimba mwana wa sukulu, dzina lake Ginho. M'kamzinda kawo muli galu wokalamba, wa zilonda thupi lonse, wa maso a mtundu wa thambo, woyenda monjenjemera. Agalu anzake amtaya, anthu anyansidwa naye. Amkonda ndi mtsikana mmodzi yekha, Isaura, amene anzake ndi mphunzitsi yemwe amuyesa wozerezeka. Iyeyu amsisita namgawira kamba wake. Tsiku lina bwana wa boma, ali pa masewera a makadi, aona galuyo nanena kuti aphedwe. Mawuwo atsikira kwa dokotala wa ziweto, nachoka kwa iye kunka kwa wantchito wake, Duarte. Ndipo uyu, posafuna kudzivuta, aitana anyamata a sukulu nawanyengerera. Iwo atenga mfuti za kwawo mobisa, wotsogolera Quim, nakokera galu kuthengo ndi chingwe, wogwira chingwe ndi Ginho. Iye amvera galuyo chisoni, koma aopa kutchedwa wamantha ndi kuchotsedwa m'gulu. Amkakamiza kuti ayambe ndiye kuombera. Isaura atulukira nakumbatira galu. Amchotsa, ndipo mfuti zonse zilira. Pambuyo pake, ali m'kalasi, Quim apempha Ginho kuti amuonetse masamu, ndipo moyo upitirira ngati sikunachitike kanthu.

Nkhani ndi yomweyo, yopanda mfumu, yopanda nkhondo. Nanga chifukwa ninji tiiyesa yoposa ndakatulo ya ndime 1,102? Tili nazo zifukwa zitatu.

Choyamba, itionetsa m'mene lamulo loipa liyendera. Wolamula sagwira mfuti. Mawu achoka pamwamba mwachibwana, pakati pa masewera, natsika makwerero onse, aliyense kukankhira kwa wapansi pake, kufikira agwera pa ana. Ndipo mwa anawo agwera pa wofooka koposa. Amene anamva kwa makolo awo za chibalo, kapena za thonje lolimidwa mokakamiza m'dziko la Apwitikizi, adziwa kuti ndimo zinaliri: wolamula anakhala pa khonde, koma wogwira mbalamatodya ndi wosaka anthu m'midzi anali kawirikawiri munthu wakuda mnzawo. Honwana satchula zimenezi m'nkhani iyi, pakuti analemba pamaso pa boma losalola kudzudzulidwa. Koma makwererowo awajambula onse, osasiya limodzi.

Chachiwiri, itionetsa mtengo wa kulandiridwa. M'gulu la anyamatawo muli ana a mitundu yosiyana, ndipo Ginho ali ku mchira, wotonzedwa ndi wosiyidwa pa masewera. Kufikira chaka cha 1961 lamulo la Apwitikizi linagawa anthu akuda pawiri: unyinji, umene unkagwidwa chibalo, ndi ochepa amene anapatsidwa chikalata chakuti asanduka Apwitikizi, atasonyeza kuti alankhula Chipwitikizi ndi kuti asiya miyambo ya kwawo. Munthu wa chikalata chotere anaima pamene aima Ginho: wa m'gulu, koma wosakhazikika, woyenera kuonetsa tsiku ndi tsiku kuti sali mbale wa onyozeka. Chimene Ginho alipira kuti akhale m'gulu ndi mwazi wa cholengedwa chimene mtima wake uchimvera chifundo.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, taonani liwu loyamba la dzina la bukulo. Siliti anapha, koma tinapha. Ophunzira atsutsana za galuyu: ena ati ayimira munthu wakuda woponderezedwa, ena ati ayimira ulamuliro wa Apwitikizi wokalamba ndi woola, poona maso ake a mtundu wa thambo. Ife tiyesa kuti onsewa afulumira kumsandutsa galu mwambi, naiwala kuyang'ana wogwira chingwe. Mlandu wa nkhaniyi suli pa galu, uli pa mwana wa mtima wabwino amene anadziwa choyenera koma anaopa kusekedwa. Owerenga Malembo akumbukira Pilato wosamba m'manja, ndi Saulo wosunga zovala za oponya Stefano miyala. Akumbukiranso Lazaro wa zilonda pa chipata cha mwini chuma, amene anthu anamlambalala, agalu okha namyandikira. Honwana atembenuza chithunzicho: wa zilonda ndi galu, ndipo womyandikira ndi mwana amene onse amuyesa wopanda nzeru.

M'buku lomweli muli galu wina. M'nkhani ya atate, njoka ndi mwana, galu wa Mzungu wotchedwa Castro alumidwa ndi njoka ku khola la nkhuku la banja lakuda. Castro afika nalalatira mwini nyumba, nafuna malipo, ndipo atatewo apirira chipongwecho ana awo ali kuona. Madzulo, atatha kupemphera, ayesa kufotokozera mwana wawo kuti munthu ayenera kukhala nacho chiyembekezo. Apa galu wa mwini mphamvu alemera koposa ulemu wa bambo pa khomo pake. Tikaika agalu awiriwa pamodzi, tiona kuti mlembi salemba za chikondi cha ziweto, koma za muyeso wonyenga umene uyesa moyo monga mwa mwini wake.

Zolakwa zilimo. Anyamata a m'nkhani yoyamba alankhula mawu otukwana, monga alankhulira anyamata akakhala okha, ndipo kholo liyambe lawerenga lisanapatse mwana. Nkhani zina za m'bukumo ndi zoonda poyerekeza ndi yoyambayo. Ndiponso mlembi aonetsa chilonda osatchula mankhwala. Ginho salapa, Isaura satonthozedwa, ndipo wowerenga atseka buku mtima uli m'malere. Ena adandaula kuti za maso a galuyo zibwerezedwa kambiri. Koma ife amene tinakulira pa nthano za mangolomera sitiona cholakwa pamenepo, pakuti kubwereza ndiko kumakhomera mawu mumtima.

Chiweruzo chathu

Tsono tiyankhe funso lija. Camões atiuza chimene Apwitikizi anafuna kudziyesa okha, ndipo tiwerenge buku lake kuti tidziwe mtima umene unakankha zombo. Gamitto atiuza chimene maso a Mpwitikizi wodekha anaona, ndipo tiwerenge lake kuti titolemo za makolo athu, tikupeta monga mayi apeta mphale. Honwana atiuza chimene anamva amene analamulidwa, ndipo pa funso lathu iye ndiye mboni yoyamba, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Buku lalikulu koposa linena zoona zochepa za ife. Kabuku ka galu wamphere kanena zambiri.

Izi sitinena kuti tidzutse udani ndi mtundu uliwonse. Nkhalamba ya ku Restelo inatuluka m'cholembera cha Mpwitikizi. Asilikali amene anagwetsa boma la ku Lisbon pa 25 Epulo 1974, natsegula njira ya ufulu wa Mozambique umene unadza pa 25 Juni 1975, anali Apwitikizi. Honwana yemwe analemba m'Chipwitikizi, nasandutsa chilankhulo cha wolamula kukhala chonenera mlandu wa wolamulidwa. Chimene tifuna n'chakuti owerenga athu aphunzire kufunsa buku lililonse mafunso atatu: Wolankhula muno ndani? Wosenza katundu wake ndani? Nanga amene sanafunsidwe ndani? Mawu sakhala oona chifukwa chakuti asindikizidwa.

Tisayesenso kuti nkhani ya Ginho inatha ndi ulamuliro wa Apwitikizi. Pamene mudzi ugwirizana kuti nkhalamba yakuti ndi mfiti, pamene ana atsata wamisala ndi miyala akulu ali kuseka, pamene khamu ligwira woganiziridwa kuba lisanamve mlandu wake, chingwe chija chili m'manja mwa wina amene mtima wake ukana koma pakamwa pake pali chete. Mpingo uyenera kulera anthu amene angathe kutaya chingwe pansi ndi kulola kusekedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Potsiriza, tipempha aphunzitsi, akulu a mpingo ndi onse odziwa kulemba. M'midzi mwathu akalipo okalamba amene anamva kwa makolo awo za thangata, za chibalo, ndi za kuoloka malire pothawa mbalamatodya; alipo ambiri amene anachereza othawa nkhondo a ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. Khalani nawo pansi, muwafunse, mulembe mawu awo m'chilankhulo chathu, ndi maina a midzi ndi mitsinje monga awatchulira eni ake. Osenza katundu wa Gamitto analibe wowalembera, ndipo za iwo tatsala ndi chiwerengero chokha. Adzukulu athu asadzafune mbiri ya agogo awo m'buku la mlendo wodutsa yekha.